M'mawa Umene Mayi Chitsanzo Anapinda Manja

Ophunzira a pakoleji ankawatcha Mayi Chitsanzo, chifukwa sankapita patali m'kalasi asananene kuti, "Tiyeni titenge chitsanzo." Ankaphunzitsa za mabanja: mmene ana amakulira, mmene okwatirana amayambanirana n'kugwirizananso, ndi mmene nyumba imasinthira mukalowa matenda kapena ukalamba. Anabadwa pa 3 Ogasiti 1969, mwana wachitatu wa telala, ndipo anayamba ntchito pakolejipo pa 9 Seputembala 1996. Ofesi yawo inali kumapeto kwa khonde lalitali, moyandikana ndi chipinda chosungiramo mipando yothyoka. Munali tebulo limodzi, mashelefu opindika ndi mabuku, ndi ketulo yamagetsi yomwe chivundikiro chake ankachita kuchipsinja ndi dikishonale kuti madzi awire.

Pantchito yotereyi mwayi wokawonjezera maphunziro umabwera mwa apo ndi apo, ndipo suyembekeza munthu. Kwa Mayi Chitsanzo unabwera, iwo n'kuuyang'ana ukudutsa. Mu 1999 anasankhidwa kukaphunzira kunja, koma anali oyembekezera. Mu 2008 anaitanidwanso, koma mayi awo anali chigonere. Ulendo uliwonse ankatchula dzina la mnzawo wocheperapo, n'kumuthandiza kukonzekera, n'kumuperekeza kokwerera basi. Anzawowo ankabwerako ndi madigiri ndi majekete atsopano. Mmodzi wa iwo, amene Mayi Chitsanzo anamuphunzitsa ali mtsikana wamanyazi wokhala kumbuyo kwa kalasi, ndiye anadzakhala mkulu wa dipatimenti.

Pa 11 Juni 2019 amuna awo anagwidwa ndi sitiroko. Anali wokonza mawotchi, ndipo kashopu kawo kanali pafupi ndi positi ofesi. Dzanja lamanja linafa, mwendo wamanja n'kuyamba kukokedwa poyenda. Mawu anabwerera, nthabwala zinabwereranso, koma kashopu kanatsekedwa. Kuyambira pamenepo Mayi Chitsanzo ankalawira kudzuka. Ankawasambitsa bambowo, kuwaveka, kuwamanga mabatani, kuwadulira buledi, kuwatakasira tiyi, kenako n'kuthamangira basi tsitsi asanapese bwino. Masana ankawasiya ndi mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo woyamba, amene ankasoka makatani pakhomo pomwepo. Mwanayo anali dalaivala wa mathiraki ndipo ankaoneka pakapita milungu. Loweruka ndi Lamlungu mayiwo sankalola munthu wina kukhudza ngakhale sokosi ya amuna awo.

Pa 18 Malichi 2024 mkulu wa dipatimenti anawapeza mu ofesi mwawo akudikira ketulo. Anawauza kuti yunivesite ina yakutali ikuitana aphunzitsi a za mabanja ku maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi. Kumeneko akaphunzira njira zatsopano zofufuzira moyo wa m'nyumba, akalemba zomwe apeza kuti zisindikizidwe, komanso akadziwana ndi anzawo a m'mayiko ena. Ulendo ndi pogona zinali zolipiridwa kale. Lamulo linali limodzi lolimba: wopempha akhale asanakwanitse zaka 55 pa tsiku lotsekera, 30 Epulo. Mayi Chitsanzo ankakwanitsa zakazo mu Ogasiti. Onse awiri anadziwa kuti khomo limeneli silidzatsegukanso.

Mayiwo anali atayamba kale kutchula mnyamata wina wa chaka chachiwiri pantchito, koma mkuluyo anawadula mwaulemu.

"Amayi, ulendo uno dzina la munthu wina sindilandira. Mwatitumiza tonse, tatha. Osapita mwatsala inu ndi ketulo yanuyi."

Mayiwo anaseka, kenako anafotokoza zomwe mkuluyo ankazidziwa kale, zoti kunyumba kuli munthu amene satha kuvala yekha malaya. Mkuluyo sanatsutse. Anangopempha kuti asakane tsiku lomwelo. Opempha malo ankayenera kuchita kaye ntchito yoyeserera: kukhala m'nyumba ya banja lina m'mawa wonse, kuona zochitika, osalankhula, osathandiza, kenako n'kulemba zomwe aona. Anati mayiwo achite ntchitoyo, ndipo akafuna kukana adzakane pambuyo pake.

Kukhala chete m'nyumba ya eni inali njira imene Mayi Chitsanzo anaiphunzitsa zaka zambiri. Ankauza ophunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso kuti wofufuza akangogwira tsache kapena kunyamula mwana, wasokoneza chomwe anabwerera. Ankawaletsanso kufufuza kwawo, poti pakhomo pako diso limaona zomwe linazolowera basi. Koma pakati pa sabata analibe mpata, ndipo Loweruka sakanawasiya bambo. Choncho anaganiza zothyola lamulo lawo lomwe, ayeserere m'nyumba mwawo, angokwaniritsa pempho la mkuluyo.

Mwa chizolowezi cha ntchito, anayamba n'kupempha chilolezo. Lachisanu madzulo anakhala pansi ndi amuna awo ndi mpongozi, n'kufotokoza mwadongosolo kuti mawa akhala pampando, sayankhula, sagwira kanthu, ndipo aliyense ali ndi ufulu wokana kapena wowathamangitsa nthawi ina iliyonse. Mpongozi anabisa kuseka ndi nsalu yomwe ankapinda. Bambowo anafunsa ngati ufulu wothamangitsawo ukutha mawa lomwelo kapena upitirira mpaka mwezi utha. Kenako anavomera, n'kunena kuti akwatirana zaka zonsezi asanawaonepo mayiwo ali chete m'mawa wathunthu, ndiye mwayi wotero sangautaye.

Loweruka, pa 23 Malichi, anawasambitsa bambowo monga mwa masiku onse, poti zimenezo sakanazisiya. Atatero anakokera mpando pakona ya pabalaza, pakati pa kabati ya mbale ndi zenera, n'kupinda manja.

Bambowo anatuluka kuchipinda malaya ali pamapewa, osamanga. Anakhala pa tebulo, n'kupanikiza m'munsi mwa malayawo pakati pa mimba ndi m'mphepete mwa tebulolo kuti nsalu ikungike. Anayambira batani la pansi, ndi zala zakumanzere. Batanilo linapulumuka, analigwiranso, linapulumukanso. Mayi Chitsanzo anamva manja awo akunyamuka okha, ndipo anawakhalira. Pa batani lachitatu bambowo analowetsa pabowo lolakwika, malaya n'kupendekera mbali imodzi. Anayang'ana, anatsonya pang'ono, anamasula, n'kuyambiranso. Zinatenga nthawi yoti mayiwo akanaveka anthu asanu, koma malaya anamangidwa mpaka pakhosi.

Tiyi anabwera ndi mpongozi. Anaika kapu, shuga ndi buledi wosadula kumanzere kwa apongozi akewo, n'kubwerera ku makina ake. Bambowo anapanikiza buledi ndi dzanja lakufa lija ngati mwala, n'kudula ndi linalo. Potakasa, tiyi anatayikira patebulo n'kuyamba kuyenderera kumka kumiyendo. Mpongozi podutsa ndi lumo anaona, anatenga kansalu kopukutira, anakaponya pafupi ndi dzanja lawo lamanzere, n'kupitirira osaima.

Apa mtima wa Mayi Chitsanzo unawira. Mwana wa eni uyu, ndiye mmene amawasamalira bambo iwo akachoka? Mawu anafika pakhosi, koma anakumbukira kuti lero si apongozi a munthu, ndi mlendo wapampando. Anayang'anabe. Bambowo anapukuta tebulo, anapukutanso pansi pa kapu, anapinda kansaluko pa bondo n'kukaika pambali. Nkhope yawo sinali ya munthu wonyozedwa. Ankaimba chamumtima kanyimbo kena kopanda mutu, kamene mayiwo anakamva komaliza kashopu kasanatsekedwe.

Atatha kudya anaimirira ndi ndodo yawo, anapita pa kabati, pafupi penipeni ndi mpando wa mayiwo, n'kutsegula dirowa ya pansi yomwe munkakhala nsalu za patebulo za alendo. Anatulutsa wotchi yapakhoma yotsegula kumbuyo, kabokosi ka zida zawo, ndi kachitsulo kopanira zinthu kamene anakamangirira patebulo. Mpongozi anabwera osaitanidwa, anamanga sikuluwu yomwe inkafuna manja awiri, anauza bambowo kuti mwini wotchi wafunsanso dzulo, n'kubwerera. Bambowo anavala galasi lawo la diso limodzi n'kuwerama. M'nyumba munangotsala kulira kwa makina osokera ndi kutsokomola kwawo kwa apo ndi apo.

Dzuwa litafika pakati, Mayi Chitsanzo ananena kuti ntchito yatha. Mpongozi anazemba n'kupita kukaanika makatani. Mayiwo anasendera patebulo, anayang'ana malaya aja, anayang'ana wotchi, n'kufunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Bambowo anati mabatani chaka chachitatu chino, mawotchi chaka chatha, akuluakulu okha, poti a pamkono zala zakumanzere zimawakanabe.

"Nanga Abambo, mumangondisiya ndikukumangani mabatani ngati mwana wa sukulu ya mkaka, osanena?"

"Mumabwera manja ali kale patsogolo, Amayi. Ndikati ndiyambe ine, inu mwafika pa kolala." Anachotsa galasi lija n'kulipukuta pa thalauza. "Komanso munkaoneka kuti mukuzifuna. Munasiya zambiri chifukwa cha ine. Ndinkaona kuti ndikakulandani mabataniwo, mufunsa kuti munasiyiranji."

Mayiwo anali ataphunzitsa kalasi ndi kalasi kuti wosamalira wodwala angathe kumufooketsa pomuchitira zonse, ndipo anali atadula mamalikisi ophunzira amene anaiwala mfundo imeneyi pa mayeso. Kenako anawauza bambowo za maphunziro aja, za miyezi isanu ndi umodzi, ndi za tsiku lotsekera. Kufikira pamenepo anali asanawatchulire.

Bambowo sanathamangire kunena kuti pitani. Anaganiza kaye, n'kunena zoona zake: kuvala angathe, kudya angathe, mankhwala amadziwa okha, koma kusamba ayi. M'bafa ankaopa kuterereka, ndipo sakanalola kuti mpongozi awathandize kumeneko, ngakhale zitavuta bwanji. Anakumbutsa mayiwo kuti dokotala wa mafizo, uja ankawalimbitsa mwendo, ananena kalekale zoti aike benchi ndi chitsulo chogwirira pakhoma. Mayiwo anakumbukira, ndi tsiku lomwe: 14 Okutobala 2020. Anali atayankha kuti benchi n'losafunika, iwo alipo.

Anagwirizana chinthu chimodzi. Bambowo akatha kusamba okha tsiku lotsekera lisanafike, mayiwo apempha malowo. Akalephera, nkhani ithere pomwepo, popanda woimbidwa mlandu.

Mmisiri anabwera pa 2 Epulo, anaboola khoma, n'kusiya fumbi m'nyumba monse. Zomwe anaona kunyumba kwawo Mayi Chitsanzo sanazilembe, poti lamulo lawo lija linali loona ndithu. Anapempha banja la mlonda wa pakoleji, n'kukakhala kumeneko Loweruka lotsatira m'mawa, koyamba kuwasiya bambowo tsiku lopuma. Pobwera anawapeza akukangana ndi mpongozi za wailesi.

Kusamba kunavuta kuposa mabatani. Poyamba mayiwo ankaima m'bafa momwemo manja ali kumbuyo. Kenako ankaima pakhomo, chitseko chili chotsegula. Tsiku lina bambowo anakanika kudzuka pa benchi, mwendo utakana, ndipo anaitana. Madzulo ake sanachite nthabwala, anagona msanga, ndipo mayiwo anaganiza kuti basi, zathera pamenepa. Koma m'mawa mwake bambowo anapempha kuti benchi alikweze pang'ono ndi matabwa, n'kuyesanso.

Lolemba pa 29 Epulo anatseka chitseko okha. Mayi Chitsanzo anaima panja atavala kale za kuntchito, chikwama chili paphewa. Anamva madzi akukhuthuka. Anamva sopo akugwa n'kutsetsereka, bambowo akumutukwana sopoyo ndi makolo ake omwe. Kenako kunali zii. Dzanja la mayiwo linafika pa chogwirira chitseko n'kuima pomwepo. Mpongozi anasuzumira kuchokera kukhitchini, n'kuwayang'ana. Patapita kanthawi madzi anayambanso kumveka.

Bambowo anatuluka thaulo lili m'khosi, akupuma mwamphamvu ngati wakwera phiri, thovu litatsalira kuseri kwa khutu. Anatsamira khoma n'kufunsa ngati alonda a pakhomo la bafa alipidwa kale kapena akudikira tiyi.

"Mwatha?" anafunsa mayiwo.

"Ndatha. Kumsana sindinafikeko bwino, koma kumsana sikuona alendo. Pitani, basi ikusiyani."

Mayiwo anatumiza pempholo masana omwewo pa kompyuta ya mkulu wa dipatimenti, poti yawo inkazima yokha. Yankho lowavomera linabwera pa 21 Juni, ndipo ananyamuka pa 1 Seputembala. M'kalasi ya kumeneko anali wamkulu kuposa onse, kuposa ndi aphunzitsi ena omwe, ndipo sabata yoyamba anasochera kawiri pofuna laibulale. Lamlungu lililonse ankaimba foni kunyumba. Poyamba ankafunsa za mankhwala, za benchi, za mwendo, mpaka bambowo anawauza kuti mafunso amenewo ali nawo kale dokotala, iwo akufuna kumva zomwe munthu amaphunzira kusukulu ali ndi imvi. Ndiye mayiwo ankakhala pa bedi la kachipinda kawo, mabuku ali pamiyendo, n'kuyamba kuwafotokozera.