Tsiku limene ndinamasula tsitsi la mkwatibwi

Ntchito yanga yoyamba kuno ku America inandipeza m'basi. Chinali chaka chimene kwathu kunachitika chisankho cha zipani zambiri, ndipo ine ndinali nditatha miyezi itatu kwa azakhali anga ku Laurel. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, kuchoka m'mamawa n'kubwera madzulo, ine n'kumangoswera m'nyumba ngati mphaka. Tsiku lina ndinakwera basi yopita ku Silver Spring kukagula nsomba zouma. Ndili chikhalire, ndinangomva zala zikuyenda m'mutu mwanga.

Nditatembenuka ndinaona mayi wamtali, wakuda bii, atavala chovala chachikulu chofika kumapazi ndi duku lotalika ngati chulu. Sanachite manyazi n'komwe. Anapitiriza kupatula tsitsi langa n'kumayang'ana mizere.

"Anakuluka ndani?" anandifunsa m'Chingerezi chothyokathyoka ngati changa chomwe.

"Ndekha, mayi. Ndi magalasi awiri."

"Kumbuyoku nakonso wekha?"

Nditavomera, anatulutsa kapepala n'kulembapo dzina la msewu. "Mawa naini koloko. Ubwere ndi manja akowo."

Mayiwo anali a ku Senegal, ndipo anali ndi saluni yolukira tsitsi. Aliyense ankawatchula kuti Tata Awa. Masiku oyamba dzinali linkandiseketsa, chifukwa kwathu tata ndi bambo, pomwe kwa iwo ndi azakhali. Azakhali anga enieni atamva za ntchitoyo anadandaula. "Anthu sukuwadziwa, chilankhulo chawo sukuchimva, komanso ndi achisilamu. Ukakhala nawo bwanji?" Koma m'mawa mwake anandisitira okha bulauzi.

Saluniyo inali kachipinda kamodzi, pakati pa sitolo yochapa zovala ndi ina yogulitsa mapitsa. Munali mipando inayi, galasi lalitali la khoma lonse, ndi mapaketi a meshi olendewera pamisomali, lililonse ndi nambala ya mtundu wake. Oluka tinali asanu, ndipo wa dziko lina ndinali ndekha. Dzina langa la Esinati linawavuta, choncho ankangonditchula kuti Malawi.

Ndinkaganiza kuti ndikangofika andipatsa kasitomala, poti kuluka ndinayamba ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi pakhonde la amayi ku Ndirande. Ayi ndithu. Mwezi woyamba ntchito yanga inali yokonza meshi. Umatsegula paketi, kudula pakati ndi sizasi, kenako n'kumakoka nsonga pang'onopang'ono kuti zisathere pamodzi ngati tsache koma zizipita zikuwonda. Ukatero umagawa timagawo tofanana n'kutiyala pamsana pa mpando, kuti woluka azingotola osayang'ana. Gawo limodzi likanenepa kuposa linzake, Tata Awa ankalizindikira ndi zala zokha n'kundibwezera osalankhula.

Mwezi wachiwiri anandikweza, ndinayamba kumaliza michira. Tata Awa kapena Fatou, mtsikana wa msinkhu wanga amene anali wachangu kuposa tonse, ankalemba mzere ndi mchira wa chipeso, kugwira tsitsi patsinde, kulowetsa meshi n'kuluka pang'ono. Ine ndinkalandira n'kutsitsa mpaka kumapeto. Tikamaliza mutu wonse, ndinkadula titsitsi totuluka m'mbali, kuwiritsa madzi m'ketulo, kuviika nsonga zonse m'jagi kuti zisamasuke, n'kupukuta ndi thaulo. Koma patsinde, pamene meshi imakumana ndi khungu la munthu, sankandilola. "Ndank ndank," ankatero Tata Awa, kutanthauza kuti pang'onopang'ono.

Ulendo wa ku Laurel tsiku ndi tsiku unanditopetsa, choncho ndinasamukira kwa Fatou, m'fulati imene inali kuseri kwa saluni. Ndi mmene ndinalowera m'moyo wawo wonse. Ndinaphunzira kuti moni wawo sathera panjira: amafunsa za iwe, za amayi ako, za akwanu onse, za kutopa kwako, mwina kasitomala ali pampando tsitsi lili theka. Moniyo amayamba ndi mawu akuti "Nanga def," ndipo tsiku loyamba nditamva "nanga" ndinadumpha, kuganiza kuti pali wina wodziwa Chichewa. Masana tinkatseka chitseko, kuyala nsalu pansi n'kuzungulira beseni limodzi la mpunga wofiira wophikira limodzi ndi nsomba, kabichi, chinangwa ndi mabiringano. Aliyense amadya mbali imene yayang'anana naye, ndipo mwini nyumba amanyema nsomba n'kumakuponyera kutsogolo kwako. Ine ankandiponyera zambiri, ati ndinali wowonda ngati chipeso. Pambuyo pake pankabwera tiyi wowawa wathovu m'timatambula ting'onoting'ono, maulendo atatu, ndipo kukana ulendo wachitatu kunali ngati kutukwana.

Nthawi ya mapemphero Tata Awa ankayala mkeka wawo kuseri kwa makina oumitsira tsitsi. Lamlungu likafika, ngakhale makasitomala achuluke bwanji, ankandithamangitsa. "Pita kutchalitchi kwanu, Malawi. Ukatipemphererekonso ife." Azakhali anga atabwera kudzandiona, anawadyetsa mpaka analephera kuimirira, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanadandaulenso.

Tsiku lovuta linabwera m'nyengo yozizira, nditatha chaka ndi miyezi ingapo. Lachinayi tonse tinapita ku Rockville, kwa Tata Awa, kuchikondwerero chopatsa dzina mdzukulu wawo. Ena onse anagona komweko kuti athandize kutsuka miphika. Ine ndinabwerera madzulo ndi makiyi, kuti m'mawa ndikatsegule ndi kukonzeratu meshi, chifukwa tinali ndi kasitomala wofunika. Dzina lake anali Denise, mphunzitsi wachikuda wa konkuno, ndipo ukwati wake unali Loweruka. Ankafuna zingwe zopota zing'onozing'ono zofika pamsana, ntchito ya anthu awiri kwa maola asanu ndi limodzi.

Kutacha Lachisanu, kunja kunali mbee. Sinowo, chipale chofewa chija, inali itagwa yofika m'mawondo, magalimoto atakwiririka, basi ngakhale imodzi osaoneka. Ndinapalasa njira mpaka kusaluni. Ndikungolowa, foni inalira. Anali Tata Awa.

"Malawi, kuno sititha kutuluka. Akaimba Denise umuuze kuti tiona masana."

Koma Denise sanaimbe. Anafika wapansi, atavala majombo a mwamuna wake wam'tsogolo, mphuno ikutuluka nthunzi. Nditamufotokozera, anakhala pampando n'kuvula chipewa.

"Masana ndikalandira apongozi anga, ngati ndege itere. Mawa ukwati uli leveni koloko. Iweyo sumaluka?"

"Ndimaluka."

"Ndiye tiyambe."

Ndinaimbiranso Tata Awa. Iwo anati, "Yambira kumbuyo. Mizere ikhale ngati njerwa za nyumba, wapamwamba uzigwera pakati pa apansi awiri. Tikubwera."

Kunena zoona, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Chaka chonse ndinkadikira tsiku limeneli. Ndinamuveka nsalu m'khosi, kupesa tsitsi lonse, kuligawa panayi n'kumanga ndi zopanira. Ndinalemba mzere woyamba pamwamba pa khosi, kupaka mafuta pang'ono, kutola meshi, kuigwirizanitsa ndi tsitsi lake n'kuyamba kupota. Ndinkafuna kuti Tata Awa akafika asapeze pokonza ngakhale pamodzi. Mantha anga anali akuti zingwe zingapulumuke pa tsiku la ukwati, choncho patsinde paliponse ndinkagwira mwamphamvu, kukoka, n'kubwerezanso kukoka.

Ntchito inkaoneka bwino zedi. Mizere inali yowongoka, zingwe zofanana ngati zapamakina. Ndinkaimba kanyimbo ka kwaya chamumtima. Denise poyamba ankacheza, kundiuza za diresi lake ndi za ana a m'kalasi mwake, koma kenako anangoti zii. Ine ndinkati watopa, ndipo pagalasi sindinayang'anepo n'komwe, maso onse ali patsinde.

Patatha maola awiri ndi theka, nditafika cha pamakutu, meshi inandithera pampando. Pozungulira kuti ndikatenge paketi ina, ndinamuona kumaso koyamba chiyambireni. Misozi inali ikutsika mwakachetechete mpaka kuchibwano. Khosi anali ataliumitsa ngati munthu wosenza ndowa yodzaza.

"Mukulira chiyani? Za ukwati?"

"Ayi, palibe. Pitiriza. Kukongola kumapweteka, si choncho?"

Ndinabwerera kumbuyo n'kunyamula zingwe zija kuti ndione pansi. Khungu linali litakokeka mpaka kunyezimira, ndipo m'mphepete mwa khosi munali mutatuluka timatuza tofiira pa tsinde lililonse. Ndinali nditaonapo zimenezi pa mayi wina amene anabwera kuchokera kusaluni ina: patatha masiku atatu timatuzato tinachita mafinya, tsitsi la m'mbali n'kuthothoka.

Ndikanatha kukhala chete. Iye mwini anali atanena kuti ndipitirize, nthawi inali itatha, ndipo zingwezo zinali zokongola kuposa zonse zimene ndinalukapo. Koma ndinaika chipeso pansi. Kenako ndinakoka mpando n'kukhala patsogolo pake.

"Denise, ndalakwitsa. Ndamanga kwambiri. Mukapita nazo chonchi simugona, ndipo mawa simutha ngakhale kuwerama kuti akuvekeni velo. Ndiyenera kumasula zonse."

"Zonse? Ukudziwa kuti ndi nthawi yanji?"

"Ndikudziwa. Aka n'koyamba kuti ndiyambe ndekha patsinde. Ndinayenera kukuuzani poyamba paja."

Ndinkadikira kuti anditukwane kapena anyamuke. M'malo mwake anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Mtsikana iwe, masula msanga. Mutu wanga ukuyaka moto."

Ndinamasula chingwe chimodzichimodzi, ntchito ya m'mawa wonse ikugwera pansi. Ndinanyika thaulo m'madzi ofunda n'kumuika pakhosi, kenako ndinapaka mafuta oziziritsa pa timatuza tija. Wani koloko inakwana mutu wa mkwatibwi uli mmene unabwerera.

Ndi pamene tinamva hutala panja. Inali takisi ya amuna awo a Tata Awa, ikubwera mokhotakhota pambuyo pa galimoto yokankha sinowo. Munatuluka azimayi anayi, zovala zawo zazikulu za kuchikondwerero atazikwinyira m'mawondo, kumapazi atakulunga mapepala apulasitiki. Fatou anali atasenza beseni la mpunga wotsala dzulo. Ndinamva pambuyo pake kuti takisiyo anaifukula ndi zivundikiro za miphika, bamboyo akukana, Tata Awa akuwalalatira m'chilankhulo chawo cha Chiwolofu mpaka analiza galimoto.

Atalowa, Tata Awa anayang'ana mulu wa meshi pansi, anayang'ana ine, kenako anapita kukaona khosi la Denise. Anadina pang'ono ndi chala. Ndinayamba kufotokoza, koma anandidula.

"Anakuuza kuti umasule ndani?"

"Palibe."

Anagwedeza mutu, kuvula jekete n'kupempha chipeso. Ndinayamba kulowera ku mpando wa meshi, malo anga akale, koma anandigwira dzanja n'kundiimika kumanja kwawo. "Uyambanso iweyo. Ine ndikuyang'ana." Anaika zala zawo pamwamba pa zanga n'kundionetsa: chala chachikulu chimapanikiza tsinde kuti khungu lisasunthe, ndipo chimene umalimbitsa ndi meshi, osati tsitsi la munthu. Nditapota zingwe zitatu anandiimitsa n'kundikankhira kutsogolo kwa mpando.

"Muuze akweze zikope. Muuze atembenuze khosi. Tsopano museketse."

Sindinadziwe choti ndinene, ndiye ndinangomuuza Denise kuti kwathu mkwatibwi amayenda pang'onopang'ono atazolika, ngati akupita kukaweruzidwa. Anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo sanatsinzine ndi ululu.

"Waona?" anatero Tata Awa. "Akatha kuseka, pitiriza."

Tinamuzungulira anthu asanu, awiri patsinde, atatu kumichira, m'mbali mwa khosi tikusiya tsitsi lomasuka pamene panali timatuza. Wina anatsegula kaseti ya ng'oma za kwawo. Denise anadya mpunga ndi supuni ali pampando pomwepo, Fatou akumuponyera nsomba. Ndege ya apongozi inachedwa, ndipo faifi koloko isanakwane ndinali ndikuviika nsonga m'madzi otentha. Atadziona pagalasi anapukusa mutu uku ndi uku, zingwe zikumenya pamsana, n'kukuwa ngati kamtsikana. Anatikumbatira tonse, ndipo kwa ine ananong'ona kuti, "Mawa ubwere. Ubwere ndi anzakowa."

Tinapitadi, asanu tonse, titathinana m'takisi yomwe ija. Anthu anali ochepa chifukwa cha sinowo, koma Asenegal anayi ndi Mmalawi mmodzi tinadzaza phwandolo. Ine ndinaimba nthungululu, iwo n'kuvina mpaka maduku kugwa.

Ndinagwira kwa Tata Awa zaka zinayi, ndipo mpaka lero ndimalukabe, ngakhale zala zayamba kuuma. Mitu imene yadutsa m'manja mwangamu sindingaiwerenge. Chimene ndinatola tsiku lija n'chakuti woluka amaima kumbuyo kwa munthu, ndipo kumbuyoko n'kosavuta kuiwala kuti mutuwo uli ndi mwini wake. Anthu ambiri sanena kuti zikupweteka: ena amachita manyazi, ena anauzidwa kuyambira ali ana kuti azipirira. Choncho aliyense amene wakhala pampando wanga, kaya ndi mwana wa sukulu kaya ndi gogo, ndikapota zingwe zitatu ndimaika chipeso pansi, n'kuzungulira kukamuyang'ana kumaso. Ndimamuuza kankhani kopusa. Akapanda kuseka, ndimamasula.