Bwato la Saulos Fanuelo Lipakidwa Laimu

Saulos Fanuelo wa kwa Mwambo anali ndi mkazi mmodzi, ana anayi, ndi bwato limodzi la mbawa lomwe linkadyetsa onsewo. Analisema yekha asanakwatire, mitengo yoti anthu awiri sangaikumbatire ikadalipo m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Mitengoyo inapita ndi utsi wowambira makumba ndi milamba. Nsomba zikamachuluka nkhalango inkachepa, koma panalibe wodandaula, poti padoko munthu ankasowa poponda: a njinga ochokera ku Zomba, telala, amayi a zitumbuwa, ngakhale wometa tsitsi.

Mu 1968 nyanja ya Chilwa inauma. Anayamba kusowa ndi a njinga. Telala anasenza makina ake n'kumapita. Wometa uja anapirira sabata ziwiri, kenaka anazindikira kuti munthu wanjala tsitsi silimuyabwa. Anthu ankapita kuchilumba cha Chisi wapansi, fumbi lamchere likuwalowa m'maso.

Bwato likakhala padzuwa limang'aluka. Choncho Saulos anakumba dzenje m'matope a kumabango, n'kulikwiriramo, pamwamba n'kufunditsa udzu. M'mawa uliwonse ankathirapo ndowa ziwiri za madzi ochokera pachitsime chakutali.

"Bambo a Rhoda," ankatero mkazi wake Getrude, "ana akusamba Lamulungu lokha, koma chikuni chanucho tsiku ndi tsiku. Mukufuna chiphuke?"

"Chitaphuka ndingavine. Mbawa ina ndiipeza kuti?"

Getrude ankalalata, koma tsiku lomwe mwamuna wake wadwala, ndowazo ankasenza ndi iyeyo.

Mu Okutobala kunabwera a Wilisoni Jafeti, apampando a nthambi ya chipani. Anali ndi uthenga wakuti akuluakulu ochokera kuboma akubwera kudzaona chitukuko cha usodzi. Pajatu m'makalata a kuofesi nyanja sinali youma ayi. Madzi anali atangosunthira mkati pang'ono.

"Achimwene, tamva kuti mwaika maliro osatiuza. Malemu ndani?"

"Ndi bwato chabe, apampando. Ndikulisunga."

"Kukwirira bwato n'kunena kuti nyanja yafa. Zimenezo munazimva pa wailesi?"

"Ayi ndithu."

"Ndiye kuti inuyo mukudziwa zambiri kuposa wailesi?"

Masiku amenewo funso lotere linalibe yankho loti munthu n'kuliyankha, n'kukagona kunyumba kwake. Saulos anangoyang'ana pansi, n'kupita kukatenga khasu.

Analifukula lili lakuda bii, lolemera, lopanda ndi mng'alu womwe. Amuna asanu ndi atatu analinyamulira kudoko, komwe kunali mabwato ena asanu ong'aluka kale. La Saulos, pokhala lokhalo langwiro, linapatsidwa ulemu wokhala kutsogolo. Analipaka laimu wotsala popaka miyala ya mumsewu. Kulithira madzi kunaletsedwa, kuopa kusukuluza laimuyo.

Alendo amayenera kufika Lachitatu. Lachitatu linasanduka Lolemba, Lolemba linasanduka "tidzakuuzani". Saulos ankakhala pambali pa bwato lake tsiku lonse, akulisisita ngati mwana wamalungo. Atalifunditsa chiguduli, a Jafeti anachichotsa, amvekere chikunyozetsa dera.

Sabata yachitatu, dzuwa lili paliwombo, bwato linalira phwaa! Mng'alu unayenda kuchokera kumutu mpaka pakati, wolowa dzanja lonse.

Alendo anafika patatha masiku anayi. Chifukwa cha fumbi sanatsike m'galimoto, anangotsitsa galasi pang'ono. Amayi anaimba, a Jafeti anawerama, ndipo akuti lipoti linayamikira asodzi a kumeneko kuti ndi okonzeka nthawi iliyonse.

Mvula itagwa, mitsinje inadzaza ndipo madzi anabwerera mpaka padoko. Saulos anamata mng'aluwo ndi nsanza ndi phula. Bwato linayandama mtunda woti ukhoza kuponya mwala, kenaka linakhala pansi mwaulemu, iye madzi ali m'chiuno.

Anayenda masiku atatu kutsata mtsinje chokwera, nkhwangwa ili paphewa, kufunafuna mbawa ina. Anapeza zitsa, ndi timitengo tonga ntchafu ya munthu.

Nsomba zitayambanso kupezeka, Saulos analowa ganyu yokoka khoka la eni, malipiro ake kambale ka matemba. Mwana wake Rhoda anasiya sukulu n'kukagwira ntchito yolera ana ku Zomba. Bambo ake anakoka khokalo zaka khumi ndi zitatu, mpaka msana unakana kuwongoka.