Chitini Chomwe a Mabatani Analibe

Mayi amene anzawo amawatcha a Mabatani akhala pa mpando umodzimodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pakona ya shopu ya matelala, pafupi ndi zenera. Mpandowo unawazolowera moti iwo akadwala nawonso umatsokomola. Ntchito yawo ndi imodzi: telala akamaliza malaya amawaponyera pamiyendo, iwo n'kuboola mabowo, n'kusokerera mabatani. Mutandandalika mabatani onse amene adutsa m'zala zawo mukhoza kufika kumwezi, kubwerako, n'kutsala ndi ena a jekete.

Koma maso anayamba kuwathawa. Ulusi ankaulowetsa m'singano mongopempherera. Dokotala wa maso atawauza mtengo wa magalasi, mayiwo anaseka mwaulemu n'kutuluka. Chiyembekezo chonse chinatsalira pa bonasi ya kumapeto kwa chaka.

Chaka chimenecho bwana anadzuka ndi nzeru yatsopano. Anaika zitini zinayi pa shelefu, zoboola pachivundikiro, telala aliyense chake. Ukamaliza chovala uponyamo batani limodzi, tsiku logawa bonasi tidzawerenga.

"Nanga changa chili kuti, bwana?" anafunsa a Mabatani.

"Inu mayi simusoka chovala. Mumangomalizitsa."

A Mabatani sanakwiye, anangodabwa. Funso linawalowa m'mutu ngati nsabwe: kodi chovala chimatha pati? Anafunsa mlonda wa pashopu. Anafunsa mayi wogulitsa ulusi. Kunyumba anafunsa amuna awo mpaka bambowo anayamba kudya atatseka makutu ndi thonje.

Katswiri wa pashopupo anali a Liwiro, telala amene makina ake ankatentha mpaka anthu kuwiritsapo tiyi. Akaponya batani m'chitini ankatsokomola kaye kuti onse aone.

"Achemwali, mukamadutsa pa chitini ichi muziwerama," ankatero.

Litatsala tsiku limodzi kuti agawe, shopu inali pa mayunifolomu mazana atatu a sukulu, galimoto yodzatenga ikubwera madzulo. Masana mabatani anatha m'bokosi. Bwana anali atapita kukagula nsalu, matelala ali kokadya. A Mabatani anayang'ana mulu wa malaya otsegula pachifuwa, anayang'ananso pa shelefu. Anatambasula mkono n'kutenga chitini cholemera kuposa zonse. Mumtima anati adzabweza. Galimoto inanyamuka ndi malaya onse ali otseka bwinobwino.

M'mawa mwake bwana anayamba kukhuthula zitini patebulo. Zitatu zinatulutsa milu yooneka. Cha a Liwiro chinatulutsa mabatani asanu ndi awiri ndi mphemvu yakufa. A Liwiro atakuwa kufunsa wakuba, nkhunda za padenga zinasamuka mpaka lero sizinabwerere.

"Ndine, achimwene," anatero a Mabatani. "Mabatani anu ali pa zifuwa za ana a sukulu."

"Mwandidyera chaka chonse!"

"Sindinadye, ndabwereka. Koma tandithandizani, izi zandisowetsa tulo: malaya aja akanapita opanda mabatani, sukulu ikanalipira?"

Bwana anakanda mutu nthawi yaitali. Kenako anatola malaya opanda mabatani amene a Liwiro anasoka m'mawa womwewo, omwe batani lake linali litaponyedwa kale m'chitini.

"Awa mwati atha, eti? Tavalani, mukafike nawo pamsewu."

A Liwiro anavala mwamwano. Mimba inatsogola kutuluka pakhomo, mwini wake akadali mkati. Anagwira malayawo pachifuwa ndi manja onse awiri ngati mkwatibwi wamanyazi, n'kubwerera cham'mbuyo. Matelala anzawo anagwa pansi ndi phwete.

Ntchito ya a Liwiro bwana anaiwerenga kuchokera m'buku la maoda, ndipo telalayo sanataye kanthu kupatula ulemu. Koma bwana analamula kuti pa mabatani asanu aliwonse a telala aliyense, limodzi lizipita kwa mayiwo. A Liwiro mpaka pano amang'ung'udza kuti singano ya pamanja siingadye limodzi ndi makina. A Mabatani nawo amafunsabe chifukwa chake ndi limodzi pa asanu, osati pa anayi, ndipo palibe amene wawayankha zomveka.

Magalasi anagula. Tsiku loyamba kuwavala, a Liwiro anawaponyera malaya pamiyendo monga mwa masiku onse. Mayiwo anawanyamula, anawayandikitsa kuzenera, n'kuwatembenuza kawiri.

"Achimwene, msoko wanu unayamba liti kukhota chonchi?"

"Kuyambira kale, mayi," anayankha telala wa pambali osadzutsa mutu. "Tinkangodikira muone nokha."