Fungo la mango m'mwezi wa Juni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinapeza ntchito yanga yoyamba. Nkhondo inali itangotha, ndipo tinali titabwerera kwathu ku Mongue kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Bambo anga anatsegula munda wa fodya, ngakhale iwo sankasuta.

Amene anandilemba ntchito anali Sinyoro Batista, wogulitsa fodya wa chingambwe pamsika. Ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ukamupatsa moni m'Chinyanja ankayankha m'Chipwitikizi. Ankayendera alimi kutola masamba ochita nkhungu, amene aliyense akanataya kudzala. Ntchito yanga inali kutola makoko a nanazi, kuwaviika m'ndowa pamodzi ndi shuga, n'kuwaza madziwo pamasambawo. Akauma tinkawapichira m'nyuzipepala. Malipiro anga anali ndudu ziwiri patsiku.

Pabenchi pake pankakhala fodya wamba, wowawa, amene ankagula amuna onyamula matumba a chimanga panjinga. Wa nanazi ankakhala m'katoni pansi pa benchi. Katoniyo inkatuluka masana, ana akamaweruka kusukulu. Ndinkaona zimenezi tsiku lililonse osaganizapo kanthu. Ndinkangonyada kuti anzanga akutsokomola ndi chinthu chimene ndapichira ndine.

Tsiku lina ndikudutsa pakhonde, bambo anandigwira mkono.

"Nanazi wadya kuti?"

"Kumsika."

Anapisa m'thumba la kabudula wanga n'kutulutsa ndudu ziwiri zija. Ndinadikira ndodo, koma sinabwere. Anangofumbutulira nduduzo m'chitini cha madzi n'kuchiika padzuwa. M'mawa mwake anapita nane kudimba, kumene mpiru wa mayi unali utadzaza nsabwe kunsi kwa masamba. Anandipatsa chitinicho kuti ndiwaze mzere umodzi. Madziwo anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Titabwererako madzulo, nsabwe za mumzerewo zinali zitada, zina zitayoyokera pansi. Bambo anathyola tsamba limodzi n'kundiyandikizira pamphuno. Linkanunkhirabe nanazi.

"Wamva?" anatero. "Zafa zikumva kununkhira."

Loweruka lotsatira anandiperekeza kumsika. Anaima pabenchi pa Batista, anthu akumva, n'kufunsa mwaulemu: "Sinyoro, ana anu mumawapatsa wa nanazi kapena wamba?" Ana a Batista ankaphunzira kutali, ku Quelimane. Mwamunayo anakonza kolala ya jekete lake, n'kung'ung'udza mawu a Chipwitikizi amene palibe anawamva. Ntchito yanga inathera pomwepo.

Nkhaniyi ndinaiiwala kwa zaka zambiri. Inandibwerera chaka chino, kuno ku Milange kumene ndimakhala tsopano. Munali mu Juni, mphepo yozizira ikutsika kuchokera kuphiri la Tumbine. Mwana wanga Rozita, wa zaka khumi ndi zisanu, anadutsa pafupi nane akuchokera kusukulu, juzi yake ikununkhira mango akupsa. Mu Juni mitengo ya mango imakhala isanachite n'komwe maluwa.

M'chikwama mwake ndinapeza kachubu kachikasu, konga cholembera chonenepa, kotchaja ngati foni. Anawa amati vepi.

"Papa, si fodya ameneyu," anatero Rozita. "Ndi nthunzi chabe. Anzanga onse ali nako."

Anandiuza kumene anagula. Ndinapita. Kanali kabenchi ka matchaja ndi zikwama za mafoni, panjira imene ana a sekondale amadutsa. Wogulitsayo anali ndi tcheni chonyezimira m'khosi ndi magalasi akuda, kunja kuli mitambo. Ndinafunsa za vepi, iye anawerama n'kutulutsa katoni pansi pa benchi. Ndinatsala pang'ono kuseka. Zaka zonsezi, nzeru yawo ikadali pansi pa benchi.

"Madala, mukufuna wa mango, wa sitiroberi kapena wa chingamu?"

"Wonunkha fodya weniweni alipo?"

Anaseka. "Ameneyo angagule ndani?"

Ndinangotembenuka n'kumapita. Munthu wotero sumutayira malovu. Iye amadziona ngati wamakono chifukwa katundu wake wadutsa malire atakutidwa m'pulasitiki, koma ndi Batista yemweyo, wangovula jekete. Batista ankavutikako kutolera masamba ake. Uyu amangotsegula katoni.

Kunyumba ndinamutengera Rozita kuseri, kumene mayi ake anadzala repu, n'kumufotokozera za chitini cha agogo ake. Anamvetsera akukumba pansi ndi chala chakuphazi. Kachubuko sindinamubwezere. Ngati wasiyadi sindikudziwa. Juzi yake ikayanikidwa pachingwe ndimadutsa pafupi n'kununkhiza, ndipo ndimachita manyazi kuti ndafika potero.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo ankandiphunzitsa kuti fodya amapha. Zimenezo aliyense amadziwa, ngakhale nsabwe zikanadziwa zikanapatsidwa nthawi. Chimene ndachimvetsa tsopano n'chakuti Batista sanawonongepo shuga wake pa amuna a njinga aja. Iwo anali atakodwa kale, ankagula wowawa osadandaula. Shuga yense anali wathu, ife amene tinali tisanayambe. Choncho munthu akandiuza kuti mango a m'kachubu anawapangira akuluakulu, ndimangomufunsa funso la bambo anga: ana ake amawapatsa wa mtundu wanji?