Tsiku limene bambo anagunda munthu wamkulu

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anga anali munthu waulemu kuposa aliyense mu Leeds, ku Mangalande, ndipo ulemuwo ndi umene unkawaluzitsa mipikisano.

Mkati mwa sabata ankasamalira okalamba. Loweruka ankapita kubwalo lina kunja kwa tauni, kumene magalimoto otha ntchito, ochotsedwa magalasi, amathamangitsana mozungulira. Kumeneko kugundana n'kololedwa: ukafuna kudutsa mnzako umangomukankha. Akakhala anyamata, bambo ankawakankha ndithu. Koma kutsogolo kunkakhala a Derek, mzungu waimvi mbuu, ndipo bambo akawapeza ankaponda buleki. Tsiku lina ndinawaona atasiya chiwongolero n'kuomba m'manja mwaulemu, galimoto ili pa liwiro. Ndikulumbira, sindikuwonjezera.

"Dad, just hit him!" ndinkalira pobwerera.

"Iwe, aja ndi msinkhu wa agogo ako. Ukufuna kumudzi amve kuti ndinabwera kuno kudzagunda akuluakulu?"

Mayi, amene anali namwino, anafika potopa. "Bambo a Tadala, chaka chino chikatha opanda chikho, chigalimoto chanucho chikupita kwa ogula zitsulo. Ndatopa kuchapa ovolosi ya nambala thuu."

Pa mpikisano womaliza wa chakacho kunkawaza kamvula, bwalo lonse likununkha petulo ndi anyezi wokazinga. A Derek anabwera pagalimoto yathu, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Ndamva kuti sundigunda chifukwa ndine nkhalamba," anatero m'Chingerezi chawo chomeza mawu. "Kunyumba ana andibisira makwerero. Dokotala wandiletsa mchere. Malo amene atsala oti anthu azindiona ngati wamoyo ndi pano, ndiye iwe ukundisamala ngati dzira?"

Bambo anavala chisoti n'kulowa m'galimoto.

Pozungulira komaliza anawapezanso a Derek. Ndinadikira kuti galimoto yathu ibwerere m'mbuyo monga mwa masiku onse. Sinabwerere. Phuu! Galimoto ya a Derek inazungulira ngati nguli n'kukaima m'matayala a m'mphepete, bambo n'kudutsa, mbendera yosonyeza kuti apambana n'kukupizidwa.

Mayi, omwe aja a zitsulo, anaimba nthungululu imene azakhali anga kutali ku Newcastle anaimva ali kubafa. Mukhoza kuwafunsa. Ine ndinalumpha mpaka nsapato imodzi sinapezeke. Bambo anatuluka misozi ili mbwembwembwe m'chisoti, koma sanapite kuchikho. Anathamangira kwa a Derek, nagwada m'matope kuti apepese. Mkuluyo anali akuseka mpaka kutsokomola, ndipo anawadzutsa n'kuwakweza dzanja m'mwamba pamaso pa anthu onse.

Pano bambo nawo achita imvi, ndipo tsopano ndikumvetsa kuti kumusamala kwambiri munthu wamkulu nthawi zina n'kumuika m'manda akadali moyo. Tikamasewera bawo sindiwamvera chisoni. Ndimawadya mpaka nkhomo zawo zonse zitatha, iwo n'kumanditukwana mosangalala.