Khoma la Bambo mu Gemu ya Njerwa

Pa gemu ya njerwa palibe amene angandiuze kanthu. Ndikunena kagemu kakale kaja, kotuwa, kokwana m'manja, kamene njerwa zimagwa kuchokera pamwamba pa kagalasi, iwe n'kumazitembenuza kuti zikakhale bwino pansi. Mzere ukadzaza popanda bowo umafufutika, khoma n'kutsika. Ukamasiya mabowo khoma limakwera, ndipo likagunda pamwamba waluza. Malamulo ake ndi omwewo basi. Kanga anandibweretsera malume ochokera ku Joni ndili Sitandade 6, ndipo pasukulu pathu ku Ligowe panalibe wondiposa, mnyamata kaya mtsikana.

Masiku ano ndimagulitsa zitenje pa Neno boma. Makasitomala akasowa ndimaonerera anzanga akusewera magemu a pafoni. Ii, abale, magemu amenewo ndi osyasyalika! Ungokhudza pang'ono, nyenyezi balala, ati ndiwe katswiri. Ukalephera akuti onera kaye malonda a sopo, tikupatsanso mwayi wina. Amene anapanga gemu ya njerwa, kaya anali ndani, anthu ankawadziwa. Sanaikemo mawu okutamanda ngakhale amodzi. Zimene wachita bwino zimachoka pamaso pako, zimene walakwitsa zimatsala pomwepo kuti uziziona. Ndiye munthu wamoyo sangapirire kuona bowo lili yasa osafuna kulitseka. Nzeru yonse ya gemuyo yagona pamenepo, ndipo ine ndinaitchera bambo anga ondibereka.

Bambo ndi bilidala. Nyumba zambiri za malata zimene mungaone mukamapita ku Magaleta zinadutsa m'manja mwawo. Ndi iwonso amene anandilanda gemu ija ndili Sitandade 8, ati ikundisokoneza mutu mayeso ali pafupi. Ndinalira sabata yathunthu, koma bambo si munthu wobweza mawu.

Chaka chatha, nthawi yokolola, anagwa kumunda. Inali sitiroko. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsala lofumbata. Achipatala anawapatsa kampira kofewa koti azifinya tsiku ndi tsiku, ndipo anatiuza mosabisa kuti dzanja likangokhala osagwira kanthu miyezi yoyambirirayi, liuma mpaka kalekale. Titangofika kunyumba bambo anakaponyera galu kampirako.

"Ine ndamanga matchalitchi, ndiye ndizifinya mpira ngati khanda?" anatero.

Chimene chinkawadya mumtima si ntchito ayi, chinali moni. Munthu wamkulu sapereka moni ndi dzanja lamanzere. Kutchalitchi kwathu mapemphero akatha timandanda panja, aliyense kugwirana chanza ndi mnzake, ndipo bambo, amene sankajomba ngakhale mvula igwe bwanji, anasiya kupita. Anzawo akabwera kudzawazonda ankatuma amayi kukanena kuti agona. Dzanja lija ankalibisa m'thumba la jekete, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkachita mantha, ndisaname. Ndinkaona munthu akudzikwirira yekha ali moyo.

Loweruka lina nditapita kukawaona, amayi anandituma kukatenga hamala m'bokosi la zipangizo za bambo. Pansi pa chingwe ndi levulo ndinakhudza kanthu kokulungidwa mu jumbo. Kutsegula, gemu yanga! Zaka zonsezi inali pomwepo, ataichotsa mabatire bwinobwino kuti isachite dzimbiri. Hamala ndinaiiwala. Ndinathamangira ku okala, ndinagula mabatire awiri, ndipo nditaika, kanyimbo kake kanalira ngati dzulo lomwe.

Nzeru inandibwerera ndili m'njira. Ndinakakhala pakhonde pafupi ndi mpando wa bambo, n'kuyamba kusewera molakwitsa dala. Musaone ngati n'zophweka. Zala zanga zinkadziwa njira, ine n'kumazikaniza. Njerwa yopindika ndinkaisanjika pamwamba pa inzake chopingasa, apa bowo, apo bowo. Bambo ankayang'ana kumbali ngati sakuona, koma diso linali pa kagalasi.

"Iwe, njerwa imeneyo waiika bwanji?" anafunsa.

"Mmene yagweramo, bambo."

"Mmene yagweramo! Khoma limeneli ngakhale khola la nkhumba silingaime. Taona mabowo. Kodi ndiwe mwana wa ndani iwe?"

Ndinaikanso ina molakwitsa kwambiri.

"Asa! Bweretsa kuno."

Anailandira ndi dzanja lamanzere. Apa ndiye mumvetse chifukwa chake ndimagwadira amene anapanga kanthu kameneka. Mabatani osunthira njerwa ali kumanzere, koma batani lalikulu lotembenuzira lili kumanja, lokhalokha. Gemuyo ndi ya manja awiri, ndipo njerwa sizidikira munthu. Bambo anayesa kudumphitsa chala chamanzere uku ndi uku, njerwa zikungogwa mmene zafunira. Anatukwana pang'ono. Kenako, osandiyang'ana, anasolola dzanja lamanja m'thumba, analigoneka pabondo, n'kukankha batani lija ndi mfundo ya chala. Njerwa inatembenuka. Amayi anali akupeta nyemba poteropo, ndipo ndinaona lichero litaima.

Vuto linabuka pamene anadzaza mzere woyamba. Unathwanima, n'kusowa.

"Mzere wanga wapita kuti?"

"Ndiye kuwinako, bambo. Ukadzaza umachoka."

"Kuwina? Ndamanga mzere woongoka bwinobwino, wina wandigumulira, iwe ukuti kuwina? Ntchito yanji imene zabwino zimachoka n'kutsala zolakwika?"

Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma, koma ankangopukusa mutu. Mmene ndimabwera Loweruka lotsatira ndinapeza atapanga malamulo awoawo. Pansi ankasiya mpata wa chitseko, woongoka ngati wayezedwa ndi levulo. Akakwera pang'ono ankasiya windo. Poti mzere uliwonse unali ndi mpata, palibe umene unkafufutika, ndipo khoma linkakwera mpaka kugunda pamwamba. Kanyimbo ka kuluza kakalira, bambo ankatsamira pampando mokhutira.

"Yatha imeneyo. Yatsala denga," ankatero.

Ine, katswiri wa ku Ligowe, magazi anandiwira. Ndinafuna kuwauza kuti bambo, kumeneko ndi kuluza, mwaluza kakhumi lero lokha. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma maso anga anagwera pa batani lalikulu lija, ndipo ndinaona kuti sakukankhanso ndi mfundo. Chala chachikulu chinali chitatambasuka pang'ono, chikudina chokha. Mawu aja ndinameza.

Ndipo ndikuuzeni zoona, gemu ya bambo ndi yovuta kuposa yanga. Ndinaibwereka tsiku lina iwo akusamba, kuti ndiyese kumanga nyumba, ndipo chitseko changa chinatsekeka pa mzere wachitatu. Ife tonse timadikira njerwa yaitali ija, yoongoka, kuti tiimike m'mpata n'kufufuta mizere inayi nthawi imodzi. Bambo ankaidikiranso, koma kuti aigoneke pamwamba pa chitseko, khoma lipitirire. Ikachedwa ankadzaza m'mbali mosamala, akung'ung'udza kuti wopereka njerwa ameneyu ndi waulesi, akanakhala wawo akanamuthamangitsa kalekale. Kutembenuza kokhakokha, kambirimbiri pa nyumba imodzi, ndipo zonsezo ndi chala chakumanja. Kampira kaja sikakanawagwiritsa ntchito yotero ngakhale tikanawagwadira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inadutsa miyezi itatu, ine ndikubweretsa mabatire Loweruka lililonse pamodzi ndi shuga. Sindikufuna kukunamizani kuti dzanja linachira lonse. Zala ziwiri zakumapeto zidakali zopinda mpaka lero, ndipo mpeni womangira sadzaugwiranso, iwonso akudziwa. Koma chachikulu ndi ziwiri zinzake zinadzuka. Tsiku lina ndinawapeza akumanga okha mabatani a shati, amayi ataima patali akunamizira kusesa.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala ndinagona kumudzi. Lamulungu m'mawa ndikutuluka, ndinapeza bambo ali panja atavala jekete, nsapato atapolisha. Tinauyamba wa kutchalitchi. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo patsogolo, dzanja lili m'thumba njira yonse. M'tchalitchi anthu ankacheuka, koma bambo maso anali kutsogolo. Ulaliki sindinaumve. Mtima unali pa mzere wa panja uja, ndipo ndinkaopa kuti atulukira khomo lakumbali.

Anatulukira khomo lalikulu. Woyamba pamzere anali mkulu wa mpingo, mnzawo wakalekale amene anabwezedwa pakhomo pathu katatu konse ati bambo agona. Mkuluyo anatambasula dzanja, kenako anazengereza, ngati akufuna kulibweza kuti asawachititse manyazi. Bambo anasolola lamanja m'thumba, zala ziwiri zili chipindire, n'kumugwira.

"Muli bwanji, akulu?" anatero, mokweza ngati kale.

Anapereka moni kwa aliyense, n'kukaima kumapeto kwa mzere monga timachitira. Ine ndinali m'mbuyo ndi amayi anzanga, choncho nanenso ndinafika pa iwo. Ndinanyonyomala, ndinapereka dzanja langa nditagwira mkono, ndipo chala chawo chachikulu chinandidina pamwamba pa dzanja mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. Ndinalira pomwepo, poyera, anthu akuona.

"Ukulira chiyani iwe? Ukuchedwetsa mzere," anatero bambo, koma dzanja langa sanalisiye msanga.

Madzulo ndikulongedza kubwerera ku boma, ndinafunsa ngati ndingatenge gemu yanga, poti ntchito yake yatha. Anaiika m'thumba la jekete, momwe munkakhala dzanja muja.

"Ndinakulanda kalekale imeneyi," anatero. "Loweruka usaiwale mabatire."