Mpeni wa dzanja lamanzere

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili kale mayi wa ana awiri, maliro a amuna anga atangotha. Alamu anga, akulu awo a malemu, anali atagamula kuti mwezi ukatha ndisanapeze chochita, ine ndibwerere kwathu ku Katete, ana atsale kwa iwo ku Libala. Mayi wina wa kumpingo ndiye anandilondolera kwa a Mwanza, amene ankasoka malamba, zikwama ndi masandasi kuseri kwa msika wa Kabwata.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene ngakhale sopo tinkaimira pamzere. Zida zosokera zikopa m'mashopu a m'tauni munalibe, ndiye a Mwanza anali ndi lamulo lawo: wophunzira apange zida zake, azisokere kachikwama, ndipo kachikwamako ndiko kanene ngati atsala kapena apita.

"Pano sitibwelekana mpeni, amake Tisa," anatero. "Aliyense na wake."

Choboolera ndinachipanga ku sipoko ya njinga, kuisongola ndi tupa n'kuikhomera m'kamtengo. Chosalazira m'mphepete linali fupa la ng'ombe lochokera kubutchala. Ulusi tinkausolola m'matayala akutha n'kuupaka phula la njuchi. Mpeni unachokera ku sowo yothyoka yodulira zitsulo. Mpeni wosengera chikopa amaunola mbali imodzi yokha, kuti mbali inayo izigona pachikopa, ndipo ine ndinanola wanga monga momwe unalili wa a Mwanza.

Pamenepo ndiye panagona vuto. Ine ndinabadwa wamanzere. Kwathu dzanja limenelo silidyera, silipatsira, sililandirira. Azakhali ankalimanga ndi kansalu kumbuyo nthawi ya chakudya, ndipo kusukulu rula inamalizitsa ntchitoyo. Ndinakula ndikulibisa ngati chilonda, moti kugwira mpeni ndi manzere pamaso pa munthu wamkulu sindinakuganizeko n'komwe.

Tsiku la kachikwama a Mwanza anandipatsa chikopa chimodzi, chofiirira, chokwana basi. China panalibe. Ndinalemba mizere bwinobwino, n'kuyamba kudula ndi dzanja lamanja. Mayo ine! Mpeni unkangoyenda kumene wafuna. Posenga m'mphepete kuti mupyapyale pokapinda, unalowa kwambiri n'kuboola. Ndinayesa mbali ina, n'kuboolanso. Thukuta linali kamukamu, ndipo m'mutu munali Tisa ndi mlongo wake atanyamula katundu kupita ku Libala.

A Mwanza anatenga chikopacho, n'kuchiyang'anitsa padzuwa. Kuwala kunatulukira m'mabowo.

"Ichi nichani manje? Makoswe?"

Ndinali ndi mantha, komanso ukali, chifukwa ndinkadziwa kuti si ine wopusa. Ndinayamba kukulunga zida zanga m'chitenje kuti ndichoke ndisanalire pamaso pawo.

"Mwaiwala phula yanu," anatero, n'kundiponyera kampira ka phula mwadzidzidzi.

Ndinakawakha m'malere. Nditayang'ana, kanali m'dzanja lamanzere. Manyazi amene ndinamva, ngati andipeza ndikusamba.

"Ehe! Nenze nakuonani," anatero akuseka. "Singano muloweka na iyi kwanja, botolo mutsegula na iyi, koma mpeni mupatsa mlendo. Nindani anakuuzani ati chikumba chifuna ulemu?"

Ndinawauza za azakhali ndi kansalu kaja. Anasiya kuseka. Anatenga mpeni wanga n'kundionetsa kuti ngakhale nditausinthira kumanzere sungagwire, popeza mbali yonoledwa ikanakhala yolakwika. Anandipatsa chidutswa chotsala cha sowo ija n'kundilozera mwala wonolera.

"Nolani futi, koma ku saidi yanu. Osakopela yanga."

Ndinanola mpaka zala kuchita matuza. Nditaika mpeni watsopano pachikopa, abale, unangoti see, nyenyeswa zopyapyala n'kumagwa zokha. Ndinalira, osabisanso. Zaka zonsezo ndinkadziona ngati munthu wa manja olemera.

Chikopa china sanandipatse, lamulo ndi lamulo. Ndinadula n'kutaya m'mphepete mobooka muja, ndiye kachikwama kanatuluka kochepa, zida zikuchita kupanikizana. Ndinakasoka ndi singano ziwiri, kuyambira mbali imene a Mwanza amathera, ndipo thumba la mpeni ndinaliika koti manzere azifika msanga. Anakatembenuza, kukoka msoko ndi mano, n'kukaponya pabenchi.

"Ni koipa pa maso, koma sikazamasuka. Mailo mubwele m'mawa, kuli malamba ya ana a sukulu."

Tsiku lotsatira ndinabweradi, n'kukhala nawo mpaka anakalamba, ndipo ana anga ndinalera ndekha ku Kabwata. Aliyense amene ndamuphunzitsa kuchokera pamenepo ndimayamba ndamuyang'ana manja asananole chilichonse. Polandira ndi popereka ndimagwiritsabe manja awiri, ulemu sindinautaye, koma podula ndimadula ndi langa.

Lamlungu la sabata imene ndinasoka kachikwama kaja ndinapita ku Libala kukauza alamu kuti ntchito ndaipeza. Tikudya, Tisa anatambasula manzere kuti atenge ndiwo, ndipo akazi awo a alamu anakweza dzanja kuti amumenye. Ndinawagwira pamkono, mwaulemu koma molimba.

"Musiyeni, mayi," ndinatero. "Dzanja limenelo ndi limene likutidyetsa."